Madzi a chammwamba pa tirigu wa m'dimba: mmene ndimachitira kuno ku Mchinji

Tirigu amadana ndi kutentha pa nthawi imene njere zikudzaza. Anzathu a ku Tsangano, ku mapiri a ku Neno ndi ku Dedza ali pamtunda pozizira, ndipo n'chifukwa chake tirigu wambiri wa m'dziko muno wakhala akuchokera kumeneko. Ife a kuno ku Mchinji timamulima m'dimba, mothirira, ndipo nyengo yathu yozizira ndi yaifupi: Meyi, Juni, Julayi ndi gawo la Ogasiti. Seputembala akalowa dzuwa limayamba kuluma, Okutobala ndiye osanena. Masana akamapitirira madigiri 30, masamba a tirigu amachita chikasu msanga, njere zimasiya kudzaza zisanakwane, ndipo pokolola mumapeza ngala zooneka bwino koma zopepuka, njere zake zokwinyika.

Zonse zimene ndimachita popopera tirigu ndi madzi a masamba a chammwamba cholinga chake n'chimodzi: tsamba la pamwamba penipeni, lija limatuluka lomaliza ngala isanatuluke, likhalebe lobiriwira kwa masiku ena owonjezera. Ufa wambiri umene umalowa m'njere umapangidwa ngala itatuluka kale, ndipo ntchito imeneyo amagwira kwambiri ndi tsamba limenelo, lotsatana nalo, ndi ngala yomwe. Tsiku lililonse limene tsambalo lakhala lamoyo ndi kulemera kwa njere.

Ine dimba langa lili m'mbali mwa dambo chakufupi ndi Kamwendo, ndimathirira ndi pampu ya sola. Kale ndinali mlimi wa fodya, ndipo sipuleya imene ndimagwiritsa ntchito inachokera ku ulimi womwewo. Zimene ndilembe pano ndi za mlimi wa munda waung'ono, wa mtondo ndi munsi, osati wa esiteti.

Chimene chili m'tsamba la chammwamba

Chammwamba, chimene ena amati kangaluni kapena moringa, masamba ake anthete ali ndi zeatin. Imeneyi ndi imodzi mwa mahomoni a zomera amene amachititsa kuti maselo azigawikana ndiponso amachedwetsa kukalamba kwa tsamba. Akatswiri anayamba kuipeza m'njere za chimanga chosakhwima, choncho si chinthu chachilendo kumunda. Kuwonjezera pamenepo, m'masambamo muli vitamini C, potaziyamu, kashiamu ndi zina zimene zimathandiza chomera kupirira kutentha ndi ludzu.

Ofufuza a ku yunivesite ya zaulimi ku Faisalabad, ku Pakistan, ndi amene anayesa kwambiri madzi amenewa pa tirigu. Vuto lawo likufanana ndi lathu: tirigu wobzalidwa mochedwa amakumana ndi kutentha njere zisanakhwime. Iwo ankasungunula gawo limodzi la madzi a masamba m'magawo 30 a madzi wamba n'kupopera, ndipo anapeza kuti masamba amachedwa kuuma, njere zimalemerako. Mulingo umene ndimatsatira ine ndi womwewo. Phindu lake silifanana chaka ndi chaka kapena munda ndi munda; limaoneka kwambiri pamene mbewu ili pa mavuto, monga yobzala mochedwa kapena imene madzi akuiperewera pang'ono.

Koma pano ndiyenera kulankhula molimba, chifukwa ndamva anthu akuuzana pa msika kuti chammwamba chabwera kudzapulumutsa alimi ku mtengo wa feteleza. Ayi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tirigu kuti apereke tani imodzi ya njere amamwa nayitirojeni wopitirira makilogalamu 20. Thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni makilogalamu 23. Botolo la theka la lita la madzi a chammwamba, limene limakwanira sipuleya yathunthu, lili ndi nayitirojeni wa magalamu ochepa chabe. Kusiyanako n'kwakukulu moti palibe kupopera kumene kungakutseke. Madzi amenewa ali ngati thobwa kwa munthu amene ali pakati pa kulima: amatha kupitiriza mpaka dzuwa kupendeka, koma ngati sanadye nsima, thobwalo silimufikitsa patali. Manyowa, feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, madzi okwanira ndi kupalira, zonsezi zikhale m'malo mwake kaye.

Masamba muwapeza kuti mu Juni?

Ili ndi funso limene ambiri saliganizira mpaka tsiku lopopera litafika. Chammwamba chimakonda kotentha, monga ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku chigwa cha Shire. Kuno kumtunda chimamera ndithu, koma kukazizira chimaima kukula, masamba amachita chikasu n'kuyoyoka, ndipo nthawi imeneyo ndi imene tirigu akuwafuna. Mtengo wa pakhomo umene suthiriridwa mu Julayi umangotsala timitengo.

Njira yake ndi kubzala mitengo ingapo pafupi ndi dimba, pamene paipi kapena kheni ikufika. Musabzale m'dambo mwenimweni, chifukwa mizu yake imaola madzi akadikha. Sankhani kumtunda kwa dimba, pamene madzi sakhalitsa, komanso pobisika ku mphepo. Mungathe kubzala njere kapena nthambi yokhwima yotalika ngati mita imodzi. Ine ndimakonda njere, chifukwa nthambi chiswe chimaikonda kwambiri isanagwire. Mtengo ukapitirira m'chiuno, udulani nsonga kuti uchite nthambi zambiri, ndipo muziudulira kawirikawiri. Mukausiya umathamangira m'mwamba n'kukupatsani masamba ochepa okalamba amene simungawafikire. Chakumapeto kwa Epulo ndimadulira mitengo yonse, kuthira manyowa patsinde ndi kuyamba kuthirira, kuti pofika mu Juni pakhale mphukira zatsopano. Mpanda ndi wofunika. Mbuzi zikapeza chammwamba m'chilimwe sizisiya ngakhale khungwa.

Ndipo mugwirizane ndi a kunyumba. Masamba omwewa ndi ndiwo, ndipo mayi a kwathu amathira ufa wake m'phala la ana. Ife tinagawana: mitengo ya pakhomo ndi ya kukhitchini, ya kudimba ndi ya tirigu.

Ngati mitengo yanu siipereka masamba m'nyengo yozizira, thyolani ambiri mu Malichi ndi Epulo, yanikani pamthunzi, osati padzuwa, mpaka aume gwa, sinjani n'kusunga ufawo m'chigubu chotseka bwino pamalo amdima. Pa tsiku lofuna kupopera ndimaviika magalamu 100 a ufa mu lita imodzi ya madzi usiku wonse, kusefa, n'kuwonjezera madzi mpaka sipuleya itadzaza. Zimathandiza, koma ndikakhala ndi mwayi wosankha ndimatenga masamba aawisi.

Kapangidwe kake

Thyolani m'mawa mame atangouma. Tengani nsonga zanthete ndi masamba amene angotambasuka kumene, chifukwa mphamvu imene tikuifuna imachuluka m'mbali zimene zikukula. Masamba achikasu, odyedwa ndi mbozi kapena a mawanga asiyeni. Pululani, chotsani timitengo tolimba, tsukani fumbi.

Sinjani mumtondo pang'onopang'ono, osadzaza mtondo. Pa kilogalamu imodzi ya masamba thirani madzi mamililita 100 okha, ongothandiza kuti zisinjike. Apa m'pamene ambiri amasokoneza mulingo: akathira madzi ambiri posinja, kenako n'kudzasungunulanso ndi magawo 30, zimene akupopera zimakhala madzi chabe. Sinjani mpaka pasaoneke tsamba, zonse zikhale phala lobiriwira kwambiri. Amene muli ndi firiji, ikani masambawo muja moumitsa madzi usiku umodzi musanasinje. Kuzizira kumaphwanya maselo ndipo madzi amatuluka ambiri. Ofufuza ena amatero.

Ikani phalalo m'chitenje choyera chakale, potokolani ndi kufinya mwamphamvu m'beseni. Kenako sefaninso madziwo ndi nsalu yopinda kawiri. Kusefa kwachiwiri musakunyoze, chifukwa kachidutswa kamodzi ka tsamba kamatseka nozo, ndipo mumataya nthawi mukutokosa pakati pa munda dzuwa likulowa. Kuti mupeze theka la lita konzani masamba opitirira kilogalamu imodzi, mwinanso awiri ngati mitengo ili ndi ludzu. Zotsala m'chitenje patsani nkhuku kapena nkhumba, kapena ponyani pa mulu wa manyowa.

Tsopano kusungunula. Theka la lita la madzi a chammwamba, ndiye kuti botolo limodzi la madzi akumwa laling'ono lija, mu malita 15 a madzi oyera. Zimenezi zimadzaza sipuleya ya malita 16. Madzi akhale a pachitsime kapena pamjigo. A m'dambo amatope adikheni kaye n'kutenga apamwamba. Tsamba la tirigu ndi loterera ndiponso limaima chilili, moti madontho amangogubuduka n'kugwa pansi. Sungunulani kachidutswa kakang'ono ka sopo wochapira wamtanda m'kapu ya madzi, thirani m'sipuleya, kuti madzi azimata patsamba. Sopo akhale wochepa, wongochititsa kathovu pang'ono mukagwedeza.

Musawonjezere mulingo poganiza kuti mbewu ikula msanga. Madzi amenewa akakhala okhathamira amabweza mbewu m'mbuyo, ndipo akhoza kuwaula nsonga za masamba. Musawasungenso mpaka mawa. Akagona kunja kwa firiji amayamba kuwira ndi kununkha, ndipo zimene timazifuna zija zimawonongeka. Sinjani masana, poperani madzulo a tsiku lomwelo.

Sipuleya imodzi imakwana malo a mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, mukamayenda mwa liwiro labwino. Ekala imafuna masipuleya pafupifupi 7, kutanthauza malita 3 ndi theka a madzi ofinya. Mukaona kuchuluka kwa kusinja kumeneko mudzamvetsa chifukwa chake ndimati yambani ndi kagawo.

Za sipuleya ndinene mawu amodzi ofunika. Masiku ano pafupifupi mudzi uliwonse kuno anthu akupopera mankhwala opha udzu m'minda ya chimanga ndi soya, ndipo sipuleya imayenda khomo ndi khomo. Tirigu ndi mtundu wa udzu. Timadontho ta glyphosate totsalira m'paipi tikhoza kukuwonongerani bedi lonse, inu n'kumanamizira chammwamba. Ngati mungathe, khalani ndi sipuleya imene sinalowemo mankhwala a udzu. Ngati ndi yobwereka, tsukani ndi sopo mobwerezabwereza, popani madzi oyera kudutsa m'paipi ndi nozo, ndipo yesani kaye pa kamzere kamodzi.

Kuviika mbewu

Ntchito yoyamba ya madziwa imachitika mbewu isanalowe m'nthaka. Sungunulani mulingo womwe uja, gawo limodzi m'magawo 30, viikani mbewu madzulo, vuulani m'mawa, osapitirira maola 12. Yalani pa thumba pamthunzi mpaka njere zisamamatirane m'manja, bzalani tsiku lomwelo m'nthaka yonyowa. Mbewu yoviikidwa imakhala itadzuka kale. Mukaiika m'dothi louma n'kuchedwa kuthirira, imafa. Ubwino wake ndi woti imamera msanga ndiponso mofanana, ndipo mbali ina ya ubwinowo imachokera ku kuviika kwenikweniko, ngakhale m'madzi wamba. Ngati mbewu yanu ndi yogula yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira, musaiviike, bzalani momwemo.

Pa mabedi anga ndimabzala m'mizere yotalikirana masentimita 20 mpaka 25, kuya kwa masentimita 3 mpaka 5, pafupifupi kilogalamu imodzi ya mbewu pa malo a mamita 10 mbali zonse. Nthawi yake ndi kumapeto kwa Epulo mpaka pakati pa Meyi. Tsiku lobzala lili ndi mphamvu kuposa china chilichonse m'nkhani ino. Tirigu amatenga miyezi pafupifupi inayi; wobzala mu Meyi amadzaza njere kukadali kozizira, wobzala mu Julayi amakadzaza mu Okutobala. Chammwamba chimachepetsako kuwonongeka kwa wochedwayo, koma sichingabweze mwezi wathunthu.

Nthawi zopopera

Musawerenge masiku okha, yang'anani mbewu, chifukwa mitundu ya tirigu imasiyana ndipo kuzizira kumachedwetsa.

Kupopera koyamba ndi pamene tirigu wayamba kubereka ana, ndiye kuti patsinde limodzi payamba kutuluka mphukira zina, patatha milungu inayi kapena kuposerapo pang'ono. Mwana aliyense amene wakula bwino ndi ngala. Chakumapeto kwa mlungu wachitatu tirigu amatulutsa mizu yake yeniyeni pafupi ndi pamwamba pa nthaka, ndipo kuthirira kwa nthawi imeneyo sikuyenera kuphonyedwa. Feteleza wobereketsa woyamba amathiridwanso cha pomwepa.

Kwachiwiri ndi pamene tirigu ali ndi mimba. Gwirani kumtunda kwa phesi, pansi pa tsamba lomaliza lija: mukamva kuti patupa, ngala ili m'kati ikukonzeka kutuluka. Tsambalo pa nthawiyi latambasuka lonse ndipo likhoza kulandira madzi. Ngati masamba a chammwamba ndi ochepa moti mungapopere kamodzi kokha, kapena mphamvu zosinjira zakuperewerani, kupopera kwake ndi kumeneku.

Kwachitatu ndi ngala zitatuluka ndipo maluwa atatha, njere zikayamba mkaka. Maluwa a tirigu ndi timizere tachikasu tolendewera pa ngala, timakhala masiku ochepa. Pa masiku amenewo ndimasiya munda uli phee, sindifuna kunyowetsa ngala. Tikangogwa, finyani njere imodzi ndi chikhadabo. Ikatulutsa madzi oyera ngati mkaka, poperani. Njere ikafika polimba, tsamba litayamba kale chikasu, musavutike, nthawi yapita.

Poperani madzulo dzuwa litafooka, kapena m'mawa kwambiri ngati mame si ambiri. Masana madontho amauma asanalowe m'tsamba. Mu Julayi ndi Ogasiti kuno kumawomba mphepo, ndiye dikirani idekhe. Ndipo poperani tsiku lotsatira kuthirira, mbewu itakhuta madzi. Tsamba la mbewu yaludzu limapinda ndi kutseka timabowo take, sililandira kanthu. Nozo ikhale yotulutsa nkhungu yosalala, muinyamule pamwamba pa mbewu ngati theka la mita, masamba anyowe koma asachite kuyenderera.

Masamba ena

Deliya, wa maluwa achikasu uja amadzaza m'mbali mwa misewu mu Epulo ndi Meyi, ndi chuma chimene timangochidutsa. Masamba ake akauma amakhala ndi nayitirojeni pafupifupi magawo 3.5 pa 100 alionse ndi potaziyamu pafupifupi magawo 4. Koma ntchito yake ndi ina: iye ndi chakudya cha m'nthaka. Ndimadula masamba ndi nthambi zanthete asanachite maluwa, n'kukwirira m'mabedi milungu iwiri ndisanabzale, chifukwa amaola msanga. Ena amadzaza thumba ndi masambawo, kuliviika mu mgolo wa madzi kwa milungu iwiri, n'kumathirira madziwo patsinde atawasungunula. Zimenezo n'zabwino, koma madzi owola otere sindiwapopera pa ngala imene anthu adzadye.

Nsabwe za m'masamba zikagwa pa tirigu, makamaka ngala zikutuluka, m'pamene ndimatenga ombwe kapena nimu. Ofufuza a kuno ku Malawi ndi ku Tanzania anayesa ufa wa masamba ouma a ombwe ndi deliya pa mbewu za mtundu wa nyemba, kilogalamu imodzi m'malita 10 a madzi okhala ndi sopo pang'ono, kuviika tsiku lathunthu, ndipo tizilombo towononga mbewu tinachepa, osapha kwambiri tizilombo tothandiza. Ombwe amapha nsomba, ndiye kwa ife olima m'mbali mwa madambo amene madzi ake amakathira mu Bua, zotsala ndi madzi otsukira sipuleya tizitayire kutali ndi mtsinje ndi chitsime. Valani chotseka pakamwa ndi pamphuno popopera. Ombwe asalowe mumtondo wa kukhitchini. Chammwamba chikhoza kulowa, chifukwa ndi ndiwo. Komanso sindisakaniza ziwirizi m'sipuleya imodzi. Mukasakaniza, china chikalakwika simudziwa chalakwitsa ndi chiti.

M'masitolo ena a zipangizo zaulimi mumapezeka mabotolo a madzi ochokera ku zomera za m'nyanja yamchere, monga Kelpak wa ku South Africa. Ntchito yake ndi ya mtundu womwewu, yolimbikitsa mizu ndi masamba. Amene muli ndi ndalama mukhoza kuyesa potsatira zolembedwa pa botolo. Ine ndimasankha chimene ndingabzale ndekha.

Dzimbiri ndi nkhani ina. Mukaona timadontho tofiirira pa masamba kapena pa phesi, timene timasiya fumbi pa chala, amenewo ndi matenda, ndipo amafalikira ndi mphepo mofulumira. Chammwamba sichichiza. Pitani kwa alangizi tsiku lomwelo ndi tsamba m'manja, ndipo chaka chamawa funani mbewu yopirira matendawa.

Siyani mabedi osapopera

Apa ndi pamene ndimakangana ndi anzanga ambiri. Munthu akasinja, kufinya, kunyamula sipuleya kumsana, mtima wake umafuna kuti zikhale kuti zathandiza, ndipo maso amamuthandiza kuona zomwezo. Mkulu wina woyandikana naye dimba anandiuza kuti, "Achimwene, bwanji mukusiya mabedi awa? Mukuwalanga chifukwa chiyani?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, mabedi amenewa ndi amene adzatiuze ngati tikutopa ndi phindu kapena ayi." Popanda poyerekeza, chaka chozizira bwino mudzatamanda chammwamba pa ntchito imene yagwiridwa ndi nyengo, ndipo chaka choipa mudzachitaya chikukuthandizani.

Chitani motere. Sankhani mabedi oyandikana, a nthaka yofanana, osati opopera kumunsi konyowa ndi osapopera kumtunda kouma. Sinthanitsani: ili lopopera, ili ayi, ili lopopera, ili ayi. Khomani zikhomo, mangani kansalu pa zopoperazo. Mbewu, feteleza, madzi ndi tsiku lobzala zikhale zofanana. Mabedi osapopera ndi chammwamba muwapopere madzi wamba a sopo yemweyo tsiku lomwelo, kuti kusiyana kukhale chammwamba chokha.

Njere zikamadzaza, yendani m'munda masiku angapo alionse n'kuona tsamba lapamwamba: mbali iti yayamba chikasu? Lembani m'kope. Pokolola, yezani malo ofanana pakati pa bedi lililonse, monga mamita awiri mbali zonse, kusiya m'mphepete chifukwa mbewu za m'mphepete zimakula mosiyana ndiponso mbalame zimayambira pomwepo. Mwetani ndi zenga, mangani mitolo padera, punthani padera, petani, yanikani mpaka njere ikamalumidwa iziti khwa. Kenako pitani nazo pa sikelo.

Kulemera kwa mulu ndi mbali imodzi. Ubwino wa njere umayezedwa mosavuta ndi chitini cha lita imodzi. Thirani njere mosatsendera, salazani pamwamba ndi kamtengo, ikani pa sikelo ya magalamu ngati ija ya ogulitsa m'golosale. Tirigu wodzaza bwino amalemera magalamu 760 mpaka 800 pa lita. Wokwinyika amatsika kwambiri, ndipo ku chigayo amatulutsa gaga wambiri, ufa wochepa. Mu mabedi anga kusiyana kumaonekera kwambiri pamenepa, makamaka pa mabedi amene ndinabzala chakumapeto. Pa obzala nthawi yabwino, m'nthaka ya manyowa ambiri, nthawi zina kusiyanako kumakhala kochepa moti ndimangopopera kamodzi, pa nthawi ya mimba ija, n'kusiya masamba ena kwa ana ndi nkhuku.

Ufa wake udzafufuma?

Amayi ophika mandasi ndi masikono pa Kamwendo kapena pa boma safunsa za kulemera kwa ngala. Iwo amafuna ufa umene umakandika bwino, kutanuka ndi kufufuma. Chimene chimachititsa zimenezo ndi puloteni ya m'njere, gluten, ndipo ufa wa buledi umafuna puloteni yokwana magawo 11 kapena 12 pa 100. Puloteni imapangidwa ndi nayitirojeni, ndipo kuti ikhale yotanuka imafunanso salufa, amene ali mu feteleza wokulitsa uja wa 23:10:5+6S+1.0Zn.

Pali chinthu chimene chimadabwitsa ambiri. Njere ikadzaza kwambiri ndi ufa pamene nayitirojeni m'nthaka ndi wochepa, gawo la puloteni limatsika, chifukwa puloteni yomweyo yagawidwa m'njere yaikulu. Ndiye kuti chammwamba chikagwira ntchito bwino pa munda wanjala, mukhoza kukolola matumba ambiri a tirigu wofooka pophika. Mankhwala ake ndi kugawa feteleza wobereketsa pawiri: gawo lalikulu pa kubereka ana, gawo laling'ono pamene tirigu akuyandikira kukhala ndi mimba, n'kuthirira nthawi yomweyo. Nayitirojeni woyambirira amachulukitsa ngala, wochedwa amalowa m'njere. Mulingo wa pa nthaka yanu funsani alangizi, chifukwa wochuluka amagwetsa tirigu pansi mphepo ikawomba.

Kuyesa puloteni sikufuna makina. Dulani njere pakati ndi mpeni: ikakhala yolimba, yowala ngati galasi m'kati, puloteni ndi yambiri, ikakhala yoyera, yofumbutuka, ndi yochepa. Njira yotsimikizika kwambiri ndi iyi. Gayitsani pang'ono kuchokera ku mabedi opopera ndi osapopera, padera. Sefani, tengani masipuni anayi a ufa uliwonse, kandani ndi timadzi kukhala kampira kolimba, kaikeni m'kapu ya madzi kwa theka la ola. Kenako kafinyeni pang'onopang'ono m'manja muli m'madzimo, kusintha madzi mpaka asiye kuyera. Chotsala m'dzanja, chotuwa, chonanda, ndiye gluten. Yerekezani kukula kwa timipira tiwirito, ndipo kokani kalikonse muone kutalika kumene kakufika kasanaduke. Ngati kampira ka ku mabedi opopera kali kakang'ono pamene chitini chake chinalemera kwambiri, chaka chamawa musawonjezere chammwamba; sungani gawo la urea la nthawi ya mimba, ndipo kwirirani deliya wambiri m'mabedi musanabzale.